Dzina la Zefaniya Siligona M'nyumba Ziwiri

Khalani pansi, ana inu. Iwe Dalitso, chotsa tizingwe ito m'makutumo, lero ndikufuna makutu ako onse awiri. Malaiti apita chim'mawa, mafoni anu afa, palibe kothawira. Kokerani benchilo kuno kumthunzi wa mango.

Mukumumva mwanayo m'nyumbamo? Ndani sakumumva, komboni yonse ya Mtendere ikumumva. Chibadwire, mwana wa mkulu wanu Tisa sanatsekepo pakamwa. Mchombo unagwa, iye akulirabe. Kukiliniki apita kangapo, anamwino amupima thupi lonse, anthu abwino ndithu, koma akuti sakupeza kanthu. Abusa a kutchalitchi kwa bambo ake anabwera ndi mafuta awo, anapemphera mpaka mawu kusasa, mwana n'kumawaposa. Anamupatsa dzina lachizungu lija, Jeideni, lomwe lilime langa limapunthwa nalo, ndipo mwini wake sakulilabadira n'komwe.

Tsono dzulo azakhali anu a ku Chawama anangomuyang'ana kamodzi, amvekere, "Uyu akulirira dzina, ndipo dzinalo lili pompano pabwalo, lakhala pampando likumwa tiyi." Nonse munatembenukira kwa ine. Ine ndinakana. Ndikuona m'mene mukundiyang'anira chikanire, ngati ndabisa shuga. Tisa moni wake wafupika. Chanda, mwamuna wakeyo, wandigwadira m'mawa uno, akuti, "Ba shikulu, ni zina chabe. Sitipempha nyumba, sitipempha munda. Ni zina chabe."

Mwana wa ku Kitwe, sindimuimba mlandu, sakudziwa. Nanunso simudziwa, chifukwa sindinakuuzenipo. Dzina ili la Zefaniya m'banja mwathu lili ndi khalidwe lake. Siligona m'nyumba ziwiri. Likalowa mwa mwana, mwini wake wakale amanyamuka. Ndikalipereka, mudziwe kuti mwayamba kundikumbira manda. Usamwetulire, Dalitso, mano akowo ndawaona. Mvera kaye, ukaseka pambuyo pake.

A Zefaniya oyamba sindinawaone ndi maso anga, ndinangomva kwa amayi. Anali osula zitsulo kumudzi kwathu, cha ku Chadiza uko. Dzinali analitenga ali wamkulu kale, pobatizidwa ndi amishoni. Akuti dzina lawo lamakolo analisiya m'madzimo, koma mzimu wa dzinalo sunamire, unangosamukira m'dzina latsopanolo. Kaya zoona kaya zonama, ine ndikungokupatsirani m'mene ndinalandirira.

Inu mumadziwa makasu a m'sitolo awa, opindika mukangokumana ndi kamwala. Khasu la a Zefaniya munthu ankalimira mpaka kukalamba, n'kusiyira mdzukulu. Anali ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, makala a muwanga, ndi mwala waukulu wosulirapo. Nkhwangwa, mipeni, sompho, mivi, zonse zinkatuluka pamwala umenewo. Anthu ankachoka kutsidya kwa Apwitikizi ndi mbuzi zawo, kudzagona pabwalo kudikira khasu limodzi. Anali amanzere. Ndipo anali ndi kachizolowezi kena: asanamenye nyundo yoyamba ankatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Tiyeni." Ngakhale ali okhaokha pachisakasa, ankanenabe choncho. Palibe anawafunsapo kuti akuuza yani.

Mdzukulu wawo wamkazi, amene anadzabala amayi anga, anabereka mwana wamwamuna wolira ngati uyu. Mwambo wake unali wotere: amayi akuluakulu ankakhala m'chikuta, mwana ali pamiyendo, n'kumatchula maina a akufa limodzilimodzi. Dzina lomwe mwana watontholapo, ndi lake. La munthu wamoyo silitchulidwa pamenepo, n'choletsedwa. Anatchula, anatchula, manda onse anatha, mwana osaleka. Ndiye mayi wina, chifukwa chotopa basi, anangoti mwanthabwala, "Kaya mwina akufuna la a Zefaniya." Mwana ziii. Anatsegula maso, n'kufuna bere. Amayi aja anangoyang'anana, ndipo wolankhula uja anadzigwira pakamwa koma mawu anali atatuluka kale.

Atakawauza osula aja, anaika nyundo pansi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwandipitikitsa." Chimanga chinali chitangomasula ngaiyaye. Chisanaume, anawapeza masanasana atakhala pachisakasa pawo, mvukuto uli pamiyendo, moto ukuyakabe bwinobwino, khasu lili pamoto likudikira. Sanadwale mutu, sanadandaule m'mimba. Munthu anafika kudzatenga nkhwangwa yake anawapatsa moni kawiri asanazindikire.

Mwana uja ndiye anadzakhala amalume anga, achimwene awo a amayi, a Zefaniya achiwiri. Awa ndiye ndinawaona, ndipo ndikatsinzina ndimawaonabe. Nyundo sanaigwirepo. Anathawa khasu ali mnyamata, n'kubwera kuno ku Lusaka, n'kukhala ku Kalingalinga. Musaganize za Kalingalinga wa lero wa mageti achitsulo ndi magalimoto. Panthawiyo kunali tinyumba tadothi, udzu pamwamba, njira za mbuzi, ndi moto wa ophwanya miyala. Amalume anatchuka ndi banjo. Anaipanga okha ndi chitini cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Ukwati wopanda iwo unkaoneka ngati maliro. Ankawaitana ku Matero, ku Kanyama, ndipo anthu ankayenda wapansi kuwatsatira. Inu nyimbo zanu zimatuluka m'kabokosi, woimbayo simumudziwa fungo lake. Amalume fungo lawo linali la makala, chonsecho makala sankawagwira. Ankaimba ndi dzanja lamanzere. Ndipo asanakhudze waya, ankatsokomola pang'ono n'kuti, "Tiyeni." Anthu ankayesa akuuza ovina.

Ine ndinabadwira kumudzi, ndipo dzina langa linali Yohane. Ee, Yohane. Mukudabwa? Ngakhale ambuya anu aakazi, malemu a Nabanda, anadzadziwa titabereka kale ana awiri. Pobadwa sindinalire mopitirira, ndinali mwana ngati ana ena. Zinandipeza nditafika msinkhu wobusa mbuzi. Ndinangoyamba kufota. Chakudya ndinachikana, kulankhula ndinasiya, ndinkangolira kamawu kakang'ono kopanda misozi. Kuchipatala cha mishoni anandipatsa mankhwala amadzi ndi amapiritsi, osathandiza. Akuluakulu anakhala pansi n'kutchula maina a akufa, ine osatembenuka. Dzina limodzi lokha ndi lomwe aliyense ankalidziwa ndipo aliyense ankaliopa.

Taganizani amayi anga. Kuno mwana, uko mchimwene wawo wa bere limodzi. Sanauze munthu. Anangondibereka kumsana, mwana wamkulu miyendo ikulendewera, n'kukakwera lole ya mtedza yobwera kuno. Inu mumati ulendo wa ku Chipata ndi wautali chifukwa basi yanu ilibe pochajira foni. Ife tinakhala pamwamba pa matumba, fumbi m'kamwa, dzuwa pamutu. M'mapiri a Luangwa lole inkalira ngati ikufa, amuna n'kumatsika kukaika miyala kumatayala. Pamlatho amayi anagula nsomba youma ndi malambe, n'kundiika ufa wa mlambe palilime kuti mwina ndimeza. Ndinalavula. Zonsezi ndimazikumbuka bwino, chifukwa mwana wosalankhula amaona kwambiri.

Tinafika ku Kalingalinga dzuwa lili paliwombo. Amalume anali pakhonde, akumanga waya wa banjo. Anali munthu wamphamvu zake, tsitsi lakuda bii, mano onse alimo. Anakweza maso, anaona amayi, anaona ine. Moni sanapereke.

"Mlongo," anatero, "wabwera kudzanditenga."

Amayi anagwada potero, ine ndikadali kumsana. "Iyayi achimwene. Sindinabwere kudzapempha kanthu. Ndangoti mumuone."

"Ndamuona. Ukanatha kumuika m'manda konko osandionetsa. Wadziwa kuti ndikamuona sindigona."

Anaponya banjo m'nyumba n'kuchoka. Anabwera madzulo ataledzera, akutukwana amayi, akutukwana mayi wanthabwala uja amene anafa kalekale, akutukwana ngakhale osula zitsulo. Ankati, "Ndalakwa chiyani ine? Ndinapempha dzinali? Ndinali khanda!" Masiku angapo anatha chomwecho. Ankalowa m'nyumba osandiyang'ana, n'kumadutsa cham'mbali ngati pansi pali njoka. Amayi sanachoke. Ankangosesa pabwalo, kutunga madzi, n'kumandipukuta kumaso. Ine ndinkangotsika tsiku ndi tsiku, mpaka kamawu kanga kolira kaja kanayamba kuzilala.

Ndiye m'mawa wina amalume anasamba, anameta ndevu, anavala shati yawo yoyera ya kuukwati. Anauza amayi kuti abweretse madzi m'chikho. Anandinyamula n'kundikhazika pamiyendo pawo. Ndinamva mtima wawo ukugunda kumsana kwanga, mwamphamvu, ngati munthu wothamanga. Anamwa madzi aja, sanameze, anandipemerera pachifuwa. Kenaka anaika pakamwa pawo pakhutu langa n'kunena motsitsa, "Ndiwe Zefaniya. Ine ndathana nalo."

Ana inu, ndinamva ngati munthu watsegula chitseko m'nyumba ya utsi. Ndinayang'ana amayi, ndinati, "Ndikufuna mbatata." Amayi analira ndi kuseka pamodzi, akuthamangira kwa aneba kukapempha mbatata. Amalume sanaseke. Anangonditsitsa bwinobwino n'kukakhala pakhonde.

Zimene zinatsatira ndi zomwe sindiiwala mpaka lero. Anzawo ankadutsa pamsewu n'kuitana, "Ba Zefa, muli bwanji?" Iwo osatembenuka. Sikunyada ayi, sankamva. Wotembenuka ndinali ine. Galu wawo, amene anamulera kuyambira ali kamwana, anayamba kuwauwa akamalowa pakhomo pawo pomwe, usiku n'kumadzagona kumapazi kwanga. Anawaitana kuukwati ku Matero, anapita, ife tinatsatira. Anakhala pampando pakati pa bwalo, anthu aunjikana, anatenga banjo. Anaigwira m'mene mwamuna amagwirira khanda la eni ake. Zala zinangoyendayenda pamawaya, nyimbo osatuluka. Anthu anayamba kuseka, akuyesa ndi nthabwala zawo zija. Kenaka kuseka kunatha. Anaimirira, anasiya banjo pampandopo, n'kubwerera wapansi.

Sipanapite nthawi, anthu omwe ankavina nyimbo zawo anayamba kufunsana, "Uja wa banjo uja, paja ndani?" Munthu ali moyo, akudutsa pamaso pawo. Amayi ankawaphikira zonse zomwe ankakonda, therere, mbewa zochokera kumudzi, iwo n'kumadya pang'ono mwaulemu ngati mlendo. Ine sanandide. Ankandisisita kumutu, nthawi zina n'kundiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu woyang'ana nyumba yomwe anasamukamo. Mvula yoyamba isanagwe, tinawapeza masana atatsamira khoma, maso ali kumsewu, shati ili yoyera bwino. Ine ndi amene ndinawagwedeza phewa kuti adzadye.

Pamaliro pake ndiye panachitika chomwe chinathawitsa anthu. Amayi a mukomboni anadzaza nyumba, akulira m'mene timalirira, "Zefaniya iwe, Zefaniya watisiya, Zefaniya wapita kuti?" Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndi ana anzanga. Ndinamva akundiitana. Ndinathamanga, n'kuima pakhomo, mtembo uli pamphasa apo, ndinati, "Ndili pano." Kulira konse kunaduka pakamodzi. Munthu ukanamva ntchentche. Amayi anandivumbatira n'kunditseka pakamwa ndi chitenje. Maliro onse otsalawo anayenda mwakachetechete, palibe anatchulanso dzina, ngakhale kumanda. Anawaika ngati munthu wodutsa.

Dalitso, tsopano sukumwetulira. Chabwino.

Kumudzi sitinabwerere. Amayi ankati sangayang'ane anthu kumaso. Ndinakulira konkuno, ndipo ntchito yanga mukuidziwa, kapena mumangomva anthu akamati chitsime cha Zefaniya sichiphwa. Makomboni a Kanyama, George, Chawama, monsemo ndakumbamo. Inu mumangodziwa kunyamula zigubu kupita pampopi n'kumadandaula mzere. Zitsime zathu zambiri anazikwirira chifukwa cha matenda a m'mimba, ndipo anachita bwino, sindikutsutsa. Koma nthawi imeneyo mukomboni munalibe mpopi, ndipo munthu wopeza madzi anali mfumu. Ku Kanyama pansi ndi mwala wokhawokha. Tinkaunjika matayala akale pamwalapo n'kuyatsa, mwala ukapsa n'kuuthira madzi ozizira, umasweka wokha. Anzanga ankathira msanga kapena mochedwa. Ine ndinkangoyang'ana mtundu wa moto n'kudziwa kuti tsopano. Palibe anandiphunzitsa. Ndili Yohane ndinkadya ndi dzanja lamanja ngati aliyense, koma nyundo inangopita yokha kumanzere.

Tsiku lina ku George, ndili pansi pa chitsime chakuya, kumwamba kukuoneka kang'onong'ono, ndinadzimva ndikutsokomola n'kuti, "Tiyeni." Ndinaima. M'dzenjemo ndinali ndekha. Koma kunena zoona, ana inu, sindinamve ngati ndili ndekha, ndipo sindinaope. Zinali ngati anthu awiri aima kumbuyo kwanga, akudikira kuti ndiyambe. Ndinkaimbanso pokumba, tinyimbo tongobwera tokha. Gogo wina wa pakhomopo anasuzumira m'chitsime, akuti, "Mwana iwe, nyimbo iyo waitenga kuti? Iyo anaimba paukwati wanga, ndipo woimbayo anafa." Ndinangoti ndinaimva penapake. Anakana kumwa madzi a chitsime chimenecho mpaka imfa yake.

Koma ndikuuzeni china, kuti musamati ambuya amangoopseza. Kunabuka goloyi wina wa mpira ku Matero, dzina lake Zefaniya. Ameneyo anatchuka kuposa tonsefe. Pawailesi ankangoti Zefaniya wagwira, Zefaniya wauluka, ana mumsewu akagwira mpira wamapepala ankadzitcha dzina lomwelo. Ine nditamva koyamba, ndinati basi, dzina lapeza nyumba ina, ine ndatha. Ndinasiya kudya. Wailesi ndinaitsekera m'sutikesi. Ambuya anu a Nabanda, mkazi wosaopa kanthu uja, anandiseka mpaka kugwira nthiti. Anandikoka dzanja mpaka kumsika wa ku Matero, kumene goloyiyo ankakonda kukhala pashopu ya mbale wake. Munthu wamtali, manja ngati mafosholo. Atamva dzina langa anandikumbatira, amvekere, "Ah, ba zina! Nimvela mbili yanu ya visime." Ine thukuta kamukamu. A Nabanda anamufunsa kuti dzinalo analitenga kuti. Akuti amayi ake anangotsegula Baibulo n'kuloza ndi chala. Ndinabwerera kunyumba n'kugona chagada kudikira imfa, mpaka a Nabanda anandimenya ndi tsache kuti ndidzuke ndikagwire ntchito. Goloyiyo anadzamwalira atakalamba, ine osayetsemula n'komwe. Kunalinso mlaliki wina wotchuka ku Chaisa wa dzina lomweli, ameneyonso sitinakhudzane. Awo maina awo anali a m'buku. Langali ndi la m'magazi.

Ana anga akamabadwa, amayi anu ndi amalume anu, ndinkaima kuseri kwa chitseko kumvetsera kaliridwe. Onse ankalira za njala basi. Alongo anga akabereka ana aamuna, ndinkatumiza sopo ndi chitenje, ine osapondako, poti kwa ine dzinali linachokera kwa malume kubwera kwa mphwake. Inu mukubadwa, chimodzimodzi, bata. Zaka zinapita, tsitsi linayera, ndinayamba kuganiza kuti dzina lasochera m'tauni muno, kuti mwina misewu yachuluka, maminibasi alisokoneza. Ndinafika pomasuka. Ndinati ndidzapita nalo kumanda, lidzathere mwa ine, lisadzavutitsenso munthu.

Ndiye tsiku lomwe Tisa anatuluka kuchipatala, ndinali pampando uno. Anatsika takisi, Chanda atanyamula zikwama. Podutsa apa, kamwanako kanasiya kulira pang'ono, kanatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Khanda la masiku ochepa choncho siliona, aliyense amadziwa. Aka kanandiyang'ana m'maso, n'kutulutsa dzanja m'shawelo. Lamanzere. Atangokalowetsa m'nyumba kanayambiranso, ndipo sikanalekenso.

Chibwerere mwanayo, kapu ikumandipulumuka m'dzanja. Mwaona makapu awiri aja anasweka, munati ndi ukalamba. Dzana ndinatenga khasu kuti ndipalire therere langa kuseriko. Ndinatsokomola, ndinatsegula pakamwa, mawu aja osabwera. Ndinacheuka. Kwa nthawi yoyamba chichokere pamiyendo pa amalume, kumbuyo kwanga kunalibe aliyense. Anzanga aja anasamuka kale, ali m'nyumbamo, akudikira pakhomo pa mwanayo kuti wina awatsegulire.

Mukufuna ndikuuzeni zoona? Ndikuopa. Musaone imvizi n'kumati munthu wokalamba imfa amailandira ngati mlendo. Bodza limenelo. Ndimakonda tiyi wanga wam'mawa. Ndimakonda kukhala pano kumatukwana maminibasi akamaimba mahutala. Ndikufuna kuona Dalitso akumaliza sukulu, ngati adzamalize n'komwe ndi tizingwe take ito. Ndikufuna kudya therere lomwe ndabzala. Ndipo choopsa si kufa ayi. Choopsa ndi masiku aja apakati, kuyenda mu Mtendere muno anthu omwe ndawamwetsa madzi akufunsana kuti paja mdala uyu ndani. Ndinaziona ndi maso anga, sindikufuna. Amalume anatukwana masiku angapo, nanenso ndili ndi ufulu wotukwana.

Ukuti chiyani, Dalitso? Lankhula mokweza. "Vinangochitika chabe, ambuya, banthu bamafa." Ehe. Mwina ukunena zoona, mdzukulu wanga. Anthu amafadi, osula amafa, oimba amafa. Mwina amalume anadzipha okha ndi mantha, mwina ine ndinachira chifukwa nthenda inatopa. Ndakhala ndikudziuza zomwezo usana wonse wa dzulo. Ngati ndi choncho, mudzandiseka pa Khirisimasi ndikutafuna nkhuku, ndipo ndidzakondwa kusekedwa. Koma iwe sunaime pakhomo paja. Sunamve m'mene kulira kwa nyumba yonse kumadukira.

Tangokhalani chete pang'ono.

Mwamva? Kaliridweko kasintha. M'mawa kanali kaukali, kokoka mpweya wonse. Tsopano kakungotuluka pang'onopang'ono ngati kamphaka. Kamawu ako ndikukadziwa, kanatulukapo pakhosi panga. Pakatha apa sipakhalanso kulira kwina.

Tisa, waima pakhomopo nthawi yanji? Bwera kuno, mama. Bwera nayeni.

Mukumumva mkulu wanu zomwe akunena? Akuti, "Ambuya lekani, namvela vonse pa windo. Sinifuna. Sininadziwe. Mailo tizayenda naye ku chipatala chikulu, muzisunge zina yanu." Taonani m'mene wamufumbatira, ngati ndimulanda. Dzulo unkandinyima moni chifukwa ndakana, lero ukulira chifukwa ndingavomere. Akazi a m'banja muno ndinu amodzi, simupempha, mumangoima pomwe munthu angakuoneni.

Pukuta misozi, ikugwera mwana kumaso. Kuchipatala chachikulu mupita ndithu, mawa m'mamawa, Chanda wamva? Akamupime zonse, ndipo mankhwala omwe akapatsidwe amwe. Koma sapita wopanda dzina. Usandiyankhe, Tisa. Pakhomo pano wamkulu ndine, ndipo chinthuchi ndi changa, ndichita nacho zomwe ndafuna. Sunandipemphe, wamva? Udzauze aliyense wofunsa kuti sunandipemphe. Usadzayende nazo pamtima m'mene anayendera amayi anga.

Dalitso, katenge madzi. Osati a m'botolo la m'sitolo, tunga a mumtsuko, m'kapu yanga yachitsulo ija. Thamanga. Chanda, gwira mkazi wako. Ndipatse kuno mwanayo. Ndipatse, mama, sindimugwetsa, dzanja lamanjali likugwirabe.

Ha, kupepuka kwake. Mafupa okhaokha. Tamuvuleni kamalaya aka, chifuwa chioneke. Taona m'mene ukundiyang'anira, iwe. Wandivutitsa, ukudziwa? Sukanadikira therere langa lipse? Chabwino. Bwera nayo kapuyo. Inu nonse khalani chete, mawu awa si anu.

Eya.

Mwamva? Ayi, palibe choti mumve, n'chimene ndikunena. Tisa, tenga a Zefaniya ako uwayamwitse, akufuna bere, taona kukamwako. Khala pomwepo pabenchi, usalowe m'nyumba, ndikufuna ndione akumeza. Onani, ana inu. Onani m'mene akukokera.

Nanga mukulira chiyani tsopano? Dzulo mumalira kuti mwana akulira, lero mukulira kuti watonthola. Musandiyang'ane choncho, ndikadali pano, ndikukuonani nonse. Kuyambira lero muzingoti ambuya, zakwana. Aneba akafunsa, muwauze kuti mwana wapeza dzina, zinazo musawauze.

Chanda, mwana wanga, tandithandize kuimirira. Unyamule mpandowu uuike apo, padzuwa. Ndikudziwa kuti ndi Okutobala, ndikuona m'mene nonse mukutulukira thukuta. Ndati uuike padzuwa.